Bokosi la Apongozi Liyenera Kupuma

Tsiku limene mayi ena anamva kuti mwana wawo wamkazi wapeza mwamuna wogwira ntchito kubwalo la ndege, anavina mpaka bondo kutupa. Ankayesa ndi woyendetsa ndege. Kenako anadzamva zoona zake, kuti munthuyo amakhala m'chipinda chozizira kuseri kwa bwalo, kulongedza nsomba, nyama ndi zipatso zopita kunja, atavala chijasi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kuyambira pamenepo dzina lake sanalitchulenso. Anangoti "a Mufiriji", ndipo dzinalo linakakamira mpaka anzake akuntchito analitola.

Zinkamuwawa Mufiriji, tisaname. Ana anabadwa, denga la apongoziwo likadontha wokwera pamwamba anali iye, koma mawu oti "mwananga" sanawamvepo n'kamodzi komwe.

Ndiye kunali mlamu wake, chitsiriza wa apongoziwo, amene ankagwira ntchito kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina mlamuyo anadandaula pafoni kuti nsomba za kumeneko zimakoma ngati katoni. Amayi ake sanagone nazo. M'mawa anafika okha pakhomo pa mkamwini wawo.

"A Mufiriji, paja mumati mumakweza zakudya ndege?"

Abale, mmene anasangalalira munthu! Zaka zonsezi apongozi anali asanamupemphepo kanthu ka kuntchito kwake. Anagula nsomba zabwino, anazitumbula yekha, anaziumitsa m'firiji mpaka zinalimba gwa. Tsiku lotumiza anatenga apongoziwo n'kupita nawo kushedi yolandirira katundu, akuyenda ngati bwalo lonse ndi lake.

Mavuto anayambira pa bokosi. La kampani, loyera lopepuka, apongozi analikana. "Ichi chofewa ngati buledi? Mbava ingachiboole ndi chala." Anali atabwera ndi lawo la pulasitiki, la chivundikiro chothina kwambiri. Mufiriji sanatsutse. Anayala nsomba, anavala magolovesi, anaika ayezi wouma pamwamba, kenako anaboola kabowo kakang'ono m'mbali.

"Mukundiwonongeranji bokosi?"

"Amayi, ayezi uyu si wa m'firiji yakunyumba. Sasungunuka n'kukhala madzi, amasanduka mpweya. Mpweyawo ukasowa potulukira, bokosi limafufuma mpaka kuphulika. Liyenera kupuma."

"Bokosi kupuma? Lili ndi mapapo?"

Mufiriji anaseka mwaulemu, kuseka kuja timasekera akuluakulu, n'kupita kukatenga chomata chosonyeza kuti mkatimo muli ayezi wouma. Kuofesi anamuchedwetsa. Pobwera anapeza bokosi lasanduka wodwala wa kuchipatala, lokulungidwa tepi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pa kabowo paja ndiye anachita kubwerezabwereza.

"Ndatseka kabowo kanu kaja," anatero apongozi, akubweza tepi yotsala m'chikwama. "Kuzizira kumathawira pamenepo. Ndaona ndi maso angawa, kautsi kakutuluka. Mukufuna mwana wanga adye zowola?"

"Amayi, malamulo a ndege amati..."

"Malamulo anaberekapo mwana?"

Apa Mufiriji anaona mmene dzanja lawo linagwirira chivundikirocho, ngati akugwira mutu wa mwana wodwala malungo. Chikwatirire sanawauzepo mayiwa mawu oti "ayi". Angayambire lero, pagulu, pamaso pa amalonda onsewa ndi makatoni awo a mapeyala?

Anaima pamzere wopita kusikelo. Mushedimo munkatentha, mzere sunkayenda, ndipo chivundikiro chinayamba kukwera pang'onopang'ono ngati mimba ya mwana wakhuta. Mufiriji thukuta linali kamukamu m'chijasi. Kutsogolo, bwana woyendera katundu ankabwera bokosi ndi bokosi, mayi wosaseka amene ankati akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umakumbukira machimo ako onse. Bwanayu akapeza ayezi wouma wotsekeredwa chonchi, bokosi silikwera ndege, ndipo wolongedza wake akafotokoza bwino chifukwa chake akufunabe ntchito. Nsomba zikatsala lero, apongozi adzanena mpaka kumanda kuti a Mufiriji analephera ngakhale za mufiriji zomwezo.

Nzeru inabwera, yopusa ndithu koma inabwera. Anagwetsa cholembera dala, anagwada kuseri kwa bokosi ngati akutola, anapapasa pamene panali kabowo, n'kubaya.

Iye ankayembekezera kamphepo kachete, kongoti fuu. Koma tepi yobwerezabwereza ija inasanduka lipenga.

Pwrrrrrrr... pwiiiiii!

Kutalika kwake! Woyendetsa chigalimoto chonyamulira makatoni anazimitsa injini. Wapasikelo anasiya kulemba. Maso onse m'shedimo anatembenukira kumene kunachokera nyimboyo. Apongozi anazungulira msangamsanga.

"Chimenecho n'chiyani? Mwakhudza bokosi langa?"

Mufiriji anadzuka pang'onopang'ono, anaima kutsogolo kwa kabowo kuti akabise ndi miyendo, anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Bambo wa ana, munthu wa ndevu zake.

"Pepani amayi. Ndine."

"Mwati?"

"Bokosi silinalakwe. Ndi m'mimba mwangamu. Ndaphwisa."

Kalanga ine! Pali zinthu zimene mwamuna angachite pamaso pa apongozi n'kukhululukidwa. Angaledzere, angagwe panjinga, angaiwale moni. Koma ichi? Ndipo ngati sizinakwane, bokosi lija linawonjezera kena kakafupi, pwi!

"Pepaninso," anatero Mufiriji, maso ali pansi.

Wapasikelo anabisala kuseri kwa makatoni, mapewa akugwedezeka. Bwana uja anafika, anayang'ana Mufiriji, anayang'ana kautsi koyera kamene kankatsika pakati pa nsapato zake, anasuzumira kumbuyo n'kuona kabowo. Anamvetsa zonse. Analuma milomo kuti asaseke, n'kutseka mphuno ndi mapepala amene ananyamula.

"Bokosili lili bwino, lipite," anatero. "Koma inu a Mufiriji, mukaonane ndi dokotala. Izi si zabwinobwino."

Bokosi linakwera sikelo, linamatidwa chomata chake, linalowa m'chipinda chozizira kudikira ndege. Kumbuyo anzake anali atayamba kale kuyeserera kamvekedwe kaja ndi pakamwa. Mufiriji anadziwa kuti pofika mawa adzakhala ndi dzina latsopano, loipa kuposa loyamba. Manyazi anamugwira moti ankalakalaka atalowa m'bokosimo, akatsikire kutsidya kwa nyanja kumene sakumudziwa.

Anaperekeza apongozi kugeti. Anadutsa malole oimikidwa, anadutsa mlonda, amenenso zinkaoneka kuti nkhani yamupeza kale chifukwa anapereka sawasha atatembenukira kumbali. Atatuluka, mayiwo anaima pamthunzi, akuyang'ana ndege ina imene inkanyamuka.

"Zifika zouma?" anafunsa, mawu atatsika.

"Zifika zouma gwa, amayi."

Apongozi anagwedeza mutu, anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenako anamuyang'ana mkamwini wawo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Ine ndalera ana. Ndakhala ndi malemu apongozi anu, munthu wokonda nyemba kuposa mkazi wake. Ziphwisi ndazimva zamitundumitundu. Koma chotuluka ndi utsi wozizira, chodzera m'mbali mwa bokosi, ndachiona lero."

Mufiriji anauma ngati nsomba zake zomwe.

"Chivundikiro chija ndinachiona chikufufuma," anapitiriza apongozi. "Mtima unali phaphapha. Koma ndikanayambira pati kumatula, anthu onse aja akuona?"

Anakonza chikwama paphewa, n'kuyamba kulowera kokwerera basi.

"Tiye mwananga, ukandikweze. Koma uziyenda kumbuyo kwanga, sitingadziwe."