Bokosi la Padenga la Bambo

Bambo anga ndi ouma mutu, ndipo ndikunena izi ndikuwakonda. Chaka chathachi miyendo yawo inayamba kutupa, adokotala n'kunena kuti mtima watopa, asamakhale okha, asamakwerenso zitunda. Tsono nyumba yawo ili pamwamba penipeni pa chitunda. Ine ndimakhala kumunsi, ndipo chipinda ndinali nditawakonzera kale, ana anga n'kupanikizana m'chipinda chinacho. Koma zoti atsike, ayi ndithu. Chifukwa chake chinali bokosi.

Bokosilo ndi kawailesi kakang'ono kokhala ndi mlongoti ndi sola, komangirira padenga. M'dera lathu muli mabokosi ambiri otere. Tinayamba kuwaika mphepo yamkuntho itagwetsa nsanja ya mafoni, anthu n'kukhala osadziwa ngati abale awo ali moyo. Ukalemba uthenga pafoni, umadumphira pa bokosi lapafupi, ilo n'kupatsira linzake, mpaka ukafike, popanda netiweki kapena mayunitsi. Chovuta ndi chitundacho. Uthenga wa mbali yathu sukanafika kuseri, komwe kuli chipatala, osadzera padenga la bambo. Ndipo komiti yoyang'anira mabokosiwa ili ndi lamulo lakuti bokosi silikhala panyumba yopanda munthu, chifukwa akuba amakonda sola, komanso solayo imafunika kupukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Ndiye tangoganizani, nkhalamba yopuma mobanika ili pamakwerero, kansanza kali m'manja. Ine ndimasita zovala za anthu kumalo ochapira, tsiku lonse chiimire, ndipo ndikaweruka ndinkakwera chitunda ndi mankhwala ndi chakudya chawo. Ndinkafika thukuta lili kamukamu. Iwo osafunsa n'komwe kuti waswera bwanji, ankayamba kundiuza kuti lero padutsa mauthenga ochuluka, mwina wina wachira kuchipatala. Kuwawerenga sakanatha, ankangoona kanyali kakuphethira, koma ankakamba ngati mauthengawo awasenza okha pamutu. Ndinatopa, abale. Ndinatopa mpaka kuyamba kudana ndi kanthu kapulasitiki.

Ndinawanyengerera, ndinalira, ndinauza achimwene anga, amene amadziwa kulamula zinthu ali kutali. Yankho la bambo silinkasintha, ankati akachoka iwo ndiye kuti mbali ziwirizi zasiyana.

Tsiku lina ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira makwerero, milomo itatuwa. Anati akungopuma pang'ono. Ndinayang'ana padenga, sola ili mbuu ndi fumbi, ndipo dzuwa linali litapendeka kale. Ndinadziwa kuti akhala pamenepo kuyambira m'mawa.

Mawa lake ndinapita kwa a Mawaya, wokonza magetsi amene amaika mabokosiwa mongodzipereka. Nawonso ndi munthu wotopa, anthu amawakumbukira pokhapokha uthenga ukakana kupita. Ndinalankhula zambiri, zina zachipongwe, iwo akungomata waya osadzutsa mutu. Nditamaliza anandiuza kuti thanki yamadzi ya pasukulu ya pachitunda pomwepo ndi yaitali kuposa denga la bambo, ndipo mlonda wa pamenepo anavomera kalekale kuti azipukuta sola. A komiti onse ankadziwa zimenezi.

"Nanga bwanji simunasamutse?" ndinafunsa.

"Timangowasiyira madala aja," anatero. "Ndani akanawauza?"

Ndinawayankha kuti chifundo chawocho chindiphera bambo anga, ndipo ngati akuopa, ndikawauza ndine.

Koma sindinawauze. Ndinangonena kuti Loweruka a Mawaya abwera kudzaona bokosi, ndipo bambo anavala malaya awo abwino, n'kutulutsa mipando panja.

A komiti ali ndi kachitidwe kawo. Sachotsa bokosi lakale asanayese latsopano. Amaika latsopanolo, n'kuzimitsa lakale, kenako n'kutumiza uthenga kuti aone ngati udutse. A Mawaya anafika atamaliza kale za kuthanki, n'kufotokoza zonse maso ali pansi, mawu akuzungulirazungulira. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaseka pang'ono, n'kunena kuti thanki ili kuseri kwa mitengo, ayesere okha aone.

A Mawaya anakwera makwerero, kanyali kaja n'kuzima. Anatsika n'kulembera namwino wa kuchipatala kuti atumize mawu kumsika wa mbali yathu, ndipo akayankhidwa atidziwitse. Tinadikira, bambo atagwira maondo. Ine ndinkapempha mumtima kuti udutse, ndipo sindibisa, ndinkachita manyazi ndi pemphero langalo.

Foni ya a Mawaya inalira msanga kuposa mmene tinkaganizira.

"Wadutsa?" bambo anafunsa.

"Wadutsa, madala. Mwachangunso." A Mawaya anazindikira mochedwa kuti mawu omalizawo akanangowameza.

Bambo anagwedeza mutu. Anayang'ana padenga kanthawi, kenako anathokoza a Mawaya chifukwa cha ntchito yabwino, n'kuwauza kuti akamuuze mlondayo asamapukute ndi madzi a sopo, amasiya zipsera. Atatero anatembenukira kwa ine.

"Mwanawe, chikwama changa chili pansi pa bedi."

Ndinalongedza zovala, mankhwala, ndi chithunzi cha malemu mayi. Sanandiuze choti nditenge kapena choti ndisiye. Anakhoma okha chitseko, n'kundipatsa kiyi.

Tinatsika pang'onopang'ono, tikuima pafupipafupi kuti apume. Pamalo ena otsetsereka ndinawagwira mkono, ndikudikira kuti andikankhe monga mwa masiku onse, anene kuti sanafike pogwiridwa. Sanandikankhe. Anangotsamira pa ine, ndipo anali opepuka kwambiri.