Ndalama Zasiliva za Wendell

Patatha milungu itatu Wendell ataikidwa m'manda, mkazi wake Doreen ananyamula bokosi la ndalama zakale za malemuwo n'kupita nalo kusitolo ya Bambo Prokop, mumzinda wa Duluth. Zinali ndalama zasiliva za theka la dola, zimene Wendell anayamba kutolera asanakwatire n'komwe.

Bambo Prokop, amene ankagula ndalama zoterezi, anatenga imodzi ya 1921 n'kuiyang'ana pagalasi lokuzira zinthu. Kenako anayang'ana Doreen.

"Mayi, anazipukuta ndani?"

"Ndine. Zinali zitada bii."

Anali atazikwecha yekha patebulo la kukhitchini, imodziimodzi, ndi mankhwala otsukira masipuni, chifukwa maliro atatha manja ake anasowa chochita.

"Pepani kwambiri," anatero Bambo Prokop. "Ogula amafuna kuda komweko. Iyi amuna anu anakana kundigulitsa pa madola zikwi ziwiri, koma taonani mmene yakalikira. Zambirizi ndingogula ngati siliva wamba."

Doreen anadikira kuti mtima umupweteke, koma sunapweteke. Ankangomva kuzizira kwa madzi amene analowa m'nsapato yake yakumanzere.

"Bwanji mukaganize kaye?" anatero Bambo Prokop. "Mufunsenso ana."

"Ana ali kutali, ku Arizona. Ingoikani pasikelo, bambo."

Doreen anasaina pamene anamulozera, n'kupinda cheke osachiwerenga. Atatuluka analowa m'galimoto, ndipo anakhala nthawi yaitali asanalize injini, akuyesa kukumbukira ngati kunyumba kunali mkaka.