Ulusi Wobiriwira

Jacinta Wemin anatuluka m'chipinda chosindikizira akumwetulira yekha, masamba makumi awiri ndi anayi akadali ofunda m'manja. Miyezi itatu ya kafukufuku inali itathera pamenepo. Funso la pepala lake linali lakuti: kodi boma lizimanga anthu amene amaloza anzawo chala kuti ndi mfiti? M'kalasi nkhaniyi inkautsa mapiri pachigwa. Ena ankati kumanga oloza n'kuikira kumbuyo mfiti, ena ankati ufiti kulibe, ndipo tsiku lina anyamata awiri anatsala pang'ono kuponyerana mipando. Jacinta sankafunikira buku kuti adziwe fungo la khungu lopsa ndi chitsulo chamoto.

Mphunzitsi wawo, Mayi Ilagi, anali atawachenjeza kuti, "Munthu akakuuzani nkhani yake, wakupatsani khosi lake. Bisani dzina, bisani mudzi." Jacinta anabisa zonse. Azakhali ake a Bepi anasanduka "Mayi Wachitatu", wa chigawo china ndi zaka zina. Mzinda wa Lae wa kugombe la nyanja, kumene azakhaliwo ankabisala kuseri kwa nyumba ya mbusa wina, sunatchulidwe paliponse. Anaika pepalalo mu bilum, chikwama choluka chimene iwo anamupatsa potsanzikana masabata awiri apitawo, n'kuchikoleka paphewa. Ofesi ya Mayi Ilagi inkatsekedwa folo koloko, ndipo nthawi inalipo yambiri. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Iwe profesa! Wayamba kudutsa abale ngati mitengo?"

Mawuwo anachokera pachipata cha koleji. Jacinta anawazindikira asanatembenuke n'komwe. Anali Kaupa, mwana wa bambo ake aakulu.

Chaka chathachi Serah, mwana yekhayo wa Kaupa, anamwalira atangodwala tsiku limodzi. Pamaliro wina ananong'ona kuti a Bepi sanalire mokwanira. Zinangotero basi. Amuna a m'mudzi anawakokera kuseri kwa munda wa khofi, Kaupa ali patsogolo, ndipo anawasunga kumeneko masiku awiri, moto osazima. Tsiku lachitatu anapeza zingwe zokhazokha. Mudzi wonse unagwirizana kuti mfitiyo inadziponya mu mtsinje wa Wahgi, ndipo bodza limeneli ndi lomwe linkasunga moyo wa a Bepi.

"Achimwene! Mwabwera liti ku Goroka kuno?"

"M'mawa. Tinabwera ndi khofi. Tiye undidyetse nzeru, ine ndikudyetse mbatata."

Wantok, munthu wakwanu, akakupeza pachipata sumuuza kuti ndili pachangu. Jacinta anamutsatira mpaka pansi pa mtengo pamene mayi wina ankaotcha mbatata pa mgolo wodula pakati. Kutsidya kwa msewu, pafupi ndi basi ya kwawo ku Simbu, anyamata atatu a kumudzi ankatafuna mtedza wa buai, wofiiritsa m'kamwa, n'kumalavula malovu ofiira m'fumbi. Onse atatu ankawadziwa, ndipo ankadziwanso kumene anali masiku awiri aja. Anamubayibitsa. Iye anakweza dzanja, koma linali lolemera ngati la munthu wina.

"Nanga ukulemba chiyani masiku ano?" anafunsa Kaupa akusenda mbatata.

"Za mitengo ya khofi."

"Ee! Ulembemo kuti ogulawa ali ndi masikelo aufiti." Anaseka. Jacinta nayenso anaseka.

Anakhala pansi, Jacinta n'kuika chikwama chija pamiyendo. Ndi pamene kuseka kwa Kaupa kunaduka. Maso ake anali pa chingwe chokolekera, pamene chimalumikizana ndi thumba. Pamenepo panali timfundo titatu ta ulusi wobiriwira.

Jacinta anatiyang'ana ngati akutiona koyamba. Mkazi aliyense kwawo ali ndi kamalizidwe kake ka bilum, ndipo ka a Bepi kanali komweko. Mwana aliyense wa m'banja lawo anagonapo m'chikwama cha timfundo titatu, chitakolekedwa panthambi amake akulima. Iye anagonamo. Kaupa anagonamo. Serah nayenso. Jacinta anali atabisa dzina, mudzi, zaka, ngakhale dzina la mtsinje, koma siginecha ya azakhali ake ankayenda nayo paphewa masana dzuwa likuswa mtengo. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

"Chokongola," anatero Kaupa motsitsa mawu. "Tione."

Mbale wako akayamikira chinthu sumubisira. Anamupatsa. Kaupa anasisita ulusiwo ndi chala chachikulu, kenako anaununkhiza.

"Ndinagula pamsika, achimwene."

"Usandiyese chitsiru, mlongo wanga. Ulusiwu sunaonepo utsi wa m'nyumba. Akufa saluka."

Jacinta anachita mantha. Anayang'ana kutsidya kwa msewu. Kaupa akanangokweza dzanja, anyamata aja akanawoloka, ndipo ku Lae ndi ulendo wa tsiku limodzi lokha pa basi. Anaganiza zothawa, koma akanathawira kuti? Anaganiza zokuwa, koma akanakuwa kuti chiyani? Palibe amene anali atamukhudza.

Kaupa anapisa dzanja m'chikwamamo n'kutulutsa pepala lija. Sukulu analekeza Giredi 8, choncho ankawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Khofi wako ndi wachilendo," anatero.

Anatembenuza tsamba, kenako lina. Jacinta ankadziwa pamene chala chake chinaima, tsamba lachisanu ndi chinayi, pamene analemba mawu a Mayi Wachitatu monga momwe anatulukira m'kamwa: "Akuti sindinalire. Mwana amene uja ndinamusambitsa ndine tsiku lobadwa. Ndinamulukira chogonera chake. Atandiuza kuti wapita, misozi inakana kutuluka, inangoima pachifuwa. Mpaka lero ikadali pomwepo."

Mayi wootcha mbatata anatembenuza mbatata zake, makala n'kuthetheka. Kaupa anakhala pa tsamba lomwelo nthawi yaitali kuposa imene mizere isanu imafuna.

"Walemba kuti 'mwana amene uja'," anatero osadzutsa mutu. "Anali ndi dzina."

"Ndikudziwa, achimwene. Sitiloledwa kutchula."

"Dokotala wa ku Kundiawa anati unali mutu waukulu, uja woumitsa khosi. Anandiuza ndisanakwere n'komwe galimoto ya maliro." Anatseka pepala lija. "Koma matenda sungawagwire pakhosi, Jacinta. Ine ndinkafuna chinthu choti ndichigwire."

M'pepala la Jacinta munali ndime yonse yonena za anthu ngati ameneyu, yokhala ndi manambala ndi mayina a akatswiri, ndipo inkamaliza ndi mawu akuti azimangidwa zaka zambiri. Ankakhulupirirabe zimenezo. Koma ndimeyo inalibe nkhope, pamene munthu amene anakhala patsogolo pake ndi amene ankamuberekera kumsana powoloka mtsinje popita ku sukulu.

"Kaupa!" anakuwa mmodzi wa anyamata aja. "Basi ikudzaza! Kapena tibwere tidzamupatse moni profesayo?"

Wina anali atayamba kale kuwoloka.

Kaupa anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa mpeni wake wosendera nzimbe. Jacinta anaona mpeniwo ukung'anima ndipo dziko linachita mdima m'mbalimbali. Anatseka maso. Anamva kachiphokoso kakang'ono, kenako kenanso.

Atatsegula maso, chingwe cha chikwama chinali chitaduka. Kachidutswa ka timfundo titatu kanali m'chikhatho cha Kaupa, ndipo anakalowetsa m'thumba la malaya, la pachifuwa. Anabwezera pepala m'chikwama, n'kuchipinda, n'kumuponyera pamiyendo.

"Bwerera, iwe!" Kaupa anakalipira mnyamata uja. "Mwana wa sukulu umupatse moni ndi mano ofiirawo? Ndikubwera!"

Mnyamatayo anaseka n'kubwerera. Kaupa anaimirira, nasasa makoko a mbatata pa thalauza. Sanamuyang'ane m'maso.

"Usaganize kuti ndine munthu wabwino," anatero. "Ndinali pomwepo. Chitsulo ndinaika pamoto ndine." Anapuma. "Azakhali amagulitsa zikwama zimenezi pamsika?"

Kwa Jacinta, kuvomera kunali kuulula, kukana kunali kutaya nthawi.

"Usandiuze kumene ali. Ndikamwa mowa pakamwa panga sipakhala chitseko. Koma anthu akwathu ali ponseponse, mpaka ku nyanja. Ukawauze asiye ulusi wobiriwira."

Anawoloka msewu osacheuka. Jacinta anadikira mpaka basi itakhota. Mayi wa mbatata anamupatsa madzi m'kabotolo osafunsa kanthu.

Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana folo koloko. Anadzuka. Chikwama chopanda chingwe sichikolekeka, choncho anachifungatira pachifuwa ndi manja awiri n'kulowa pachipata. Pamasitepe a ofesi ya Mayi Ilagi anaima, natulutsa foni, n'kuyimba nambala imene anailemba pansi pa dzina lakuti "Telala".

Inaitana kanayi. Kenako anamva mpweya wa munthu amene anaphunzira kusayamba kulankhula.

"Azakhali, ndi ine," ananong'ona. "Muli ndi ulusi wa mtundu wanji wina?"