Python Wachikulire wa ku Ntchisi

Foni inalira Kezia akupukuta fumbi pa laputopu yake, m'kachipinda kophunzitsiramo makompyuta pafupi ndi msika wa ku Dzaleka. Anali Mayi Tabita, namwino wa pa kachipatala kena m'mapiri a Ntchisi. Anati mauthenga a pafoni okumbutsa amayi za sikelo asiya kupita. Pa sikelo yapitayo kunabwera amayi owerengeka, ndipo ana ambiri anaphonya katemera.

Pulogalamu yotumiza mauthengawo inalibe mwini mmodzi. Anthu a m'maiko osiyanasiyana ankailemba mongodzipereka, aliyense akumaona m'kati mwake ndi kukonza pomwe wathera nzeru. Kezia ndiye ankasamala gawo la Chichewa, ndipo anali atangowonjezerako kachigawo kolemba masiku m'chinenero chathu. Anayesa pomwepo. Uthenga unapita bwinobwino.

"Komatu kuno ikuyenda, mayi."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwanangu," anayankha Mayi Tabita. "M'mimba mukupota kuno, osati kwanuko."

Chomwe chinamugwira mtima Kezia chinali chidwi kuposa mantha. Mawu omwewo, olembedwa chimodzimodzi, angamveke bwanji ku Dowa n'kukanika ku Ntchisi? Anawapempha ajambule zomwe kompyuta yawo inkalemba, n'kukaonetsa chithunzicho a Enoki, mphunzitsi wa pamalopo, amene anabadwira ku Kongo koma Chichewa chawo chinali cha ku Dowa kwenikweni.

A Enoki anayang'anitsitsa, n'kuloza kanambala kapakona. Chinenero cha makompyuta chomwe pulogalamuyo inalembedwamo, Python, chimatuluka chatsopano chaka ndi chaka, ndipo cha kwa Mayi Tabita chinali chakalekale.

"Python wawo ndi wachikulire," anatero. "Iwe wamulankhula chinyamata, ndiye wangokhala duu."

Kukonza sikukanavuta, koma Kezia sanafulumire. Anafunsa kuti makompyuta ena okalamba ali kuti, nanga angadziwe bwanji zomwe akumva osawayendera mmodzimmodzi. A Enoki anamuuza kuti tsamba la pa intaneti lomwe limasunga pulogalamuyo lingathe kumuyesera lokha. Akangolemba malangizo, munthu aliyense akatumiza zosintha, tsambalo liziyesa pa Python wakale, wapakati ndi watsopano, n'kuonetsa mzere wobiriwira pomwe zayenda, wofiira pomwe zakanika.

Anakhalira ntchitoyo masana onse. Magetsi anathima, iwo n'kudya chimanga chootcha podikira. Atayaka, Kezia anatumiza malangizo aja n'kuyandikiza nkhope pagalasi. Mizere inayamba kuoneka umodziumodzi. Wa Python wakale unafiira, monga ankayembekezera. Yapakati inabiriwira. Kenaka womaliza, wa Python wongotuluka kumene, nawonso unafiira.

Kezia anaseka modabwa. Atafufuza anapeza kuti penapake m'pulogalamumo munali kalembedwe kakale kamene Python watsopanoyo anakataya. Palibe ankadziwa, poti palibe anali atayesako.

"Agogo akukana, mdzukulu akukananso," anatero a Enoki. "Upeze mawu omveka banja lonse."

Anawapeza, ngakhale anatuluka thukuta. Mizere yonse itabiriwira, anawatsogolera Mayi Tabita pafoni mpaka pulogalamu yokonzedwayo inalowa. Mauthenga anayambanso kupita, ndipo Lachisanu lotsatira pakhonde pa chipatala panadzaza amayi ndi ana kumsana.

Patapita milungu, mnzawo wina wa ku Ulaya wolemba nawo pulogalamuyo, Vinsenti, anatumiza zosintha zofulumizitsa pulogalamu. Ntchito yake inali yaukhondo, koma mzere wa Python wakale unafiira. Iye analemba mwaulemu kuti mzerewo ungochotsedwa, chifukwa ngakhale eni Python anasiya kale kusamala mtundu umenewo, ndipo kuukakamira n'kusiyira mpata akuba a pa intaneti.

A Enoki anati mnyamatayo sakunama. Kezia anavomera, koma anayamba waimbira Mayi Tabita kufunsa ngati Python wawo angasinthidwe. Iwo anati katswiri wina anayesapo, pulogalamu yoyang'anira mankhwala n'kufa, mpaka anabwezeretsa zakale. Kompyuta yatsopano analonjezedwa, koma lonjezo silitumiza uthenga.

Kezia anabwerera pa laputopu yake. Kenaka anamulembera Vinsenti kuti mfundo yake ndi yoona, ndipo tsiku lidzafika. Anamufotokozera za kachipatala ka m'mapiri, za amayi oyenda mtunda wautali chifukwa cha uthenga umodzi, n'kumupempha alembenso zosinthazo moti wachikulire uja amve.

"Ndiye umutaye mnzako waluso chifukwa cha kompyuta imodzi?" anafunsa a Enoki.

"Imodzi yomwe tikuidziwa," anatero Kezia. "Zina sizinatiimbire foni."

Anatumiza uthengawo, n'kusiya mzere wofiira uli pomwepo.