Sipika Yapakati Ili m'Kabati

"Kuyambira ku Chiweta mpaka ku Bolero, palibe nyumba yolankhula ngati yanga," ankatero Hezron Mhango. "Masipika asanu ndi chimphona cha besi, ndinanyamula ndekha kuchokera ku Joni! Munthu akanong'ona m'filimu, umachita kumva mpweya wake kukhutu."

Mbiriyi inawapeza apongozi ake, a Laws Gondwe, mphunzitsi wopuma wa ku Bolero. Loweruka masana anatulukira atavala jekete.

Tsiku la ukwati wa Hezron ndi Kezia, mkuluyu anali chigonere m'chipatala. Akazi awo, mayi Lena, ndiwo analankhulira banja, ndipo Hezron analonjeza kuti adzawamvetsera zonse pa vidiyo. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha Hezron ali pamsewu, lero Dar, mawa Lusaka. Chaka chathachi mayi Lena anamwalira.

"Ndabwerera lonjezo lija, mwananga. Pikapu yomaliza ya ku Bolero inyamuka folo koloko."

Hezron anaika chimbale cha ukwati. Kwaya inagunda mpaka mawindo kunjenjemera. Kenaka pa TV mayi Lena anaimirira, milomo ikuyenda, koma mawu ngati a munthu wolankhulira mumtsuko.

"Akuti chiyani?"

"Dikirani pang'ono, adada."

Anakweza voliyumu. Besi inabangula, makapu analira, mawu anamiriratu. Anazula mawaya n'kubwezera, anapukuta chimbale ndi malaya, anamenya rimoti pachikhatho. Thukuta kamukamu. A Gondwe anasuzumira wotchi.

"Ku Joni amamvera chonchi?"

Hezron anazungulira chipinda akuwerenga masipika. Anayi!

"Amake Mtende! Yaitali yogona ija ili kuti?"

"M'kabati," anayankha Kezia ali pakhomo. "Imadzaza fumbi."

Inalidi m'kabati ya magalasi, kuseri kwa mbale za alendo, yofundidwa nsalu yoluka, duwa lapulasitiki pamwamba. Waya wake wokha ndiwo unkatulukira kumbuyo.

"Mayi inu! Mawu a anthu amatulukira mmenemu! Zinazi n'za ng'oma ndi mabomba."

"Nanga mwezi wonsewu bwanji simunadandaule? Kapena a karate a m'mafilimu anu aja salankhula?"

Hezron anaitulutsa, n'kuikhazika m'mphepete mwenimweni mwa tebulo, pansi pa TV. Anaitsamiritsa pa buku la nyimbo kuti iloze m'makutu, osati m'mawondo. Besi anatsitsa, yapakatiyo anakweza katatu, mpando wa apongozi anaukokera pakati. Wotchi inali itadutsa hafu pasiti fili. Anadina.

Mayi Lena anakhosomola, ngati ali m'chipinda momwemo.

"Yewo chomene nonse. Amuna anga ali m'chipatala, ndipo ndikudziwa, akatuluka adzafunsa ngati ndinatalikitsa. A Gondwe, mboni ndi izi, lero ndifupikitsa."

Kezia anagwira pakamwa. A Gondwe anavula magalasi n'kuweramira kutsogolo. Mayi Lena analangiza mwana wawo, anaseka mkamwini kuti azikhalako panyumba, anathokoza amayi a mvano mmodzimmodzi. Hezron, amene sanakhalepo chete ngakhale pachipata cha Beitbridge, anangoima ndi rimoti m'manja.

Atawomba m'manja anthu a mu vidiyo, mkuluyo anayang'ananso wotchi.

"Pikapu ipite, ndigona konkuno. Mphindi zinayi ndi theka! Kwa Lena n'kufupikitsadi. Ngongole yako yatha, mwananga."