Vailet Atsutsa Pulofesa

Chimangirizo cha Vailet chinabwezedwa kachiwiri, ndipo aphunzitsi a kukoleji sanapite m'mbali: akalephera kachitatu, malo ake m'kalasi yokonzekera unamwino apatsidwa wina. Vailet ankasamalira okalamba ku Tipton, tauni ya kutsidya la nyanja, sukulu ankalowa akaweruka, ndipo unamwinowo anayamba kuulakalaka adakali kwawo ku Dedza.

Loweruka masana anakwera basi kupita kwa anti Phyllis, namwino wa ku Edgbaston amene ankathandiza anthu a kutchalitchi kwawo kuwongola zolemba za kusukulu. Mayiwa kunyengerera munthu sankakudziwa. Anawerenga masamba onse asanu, magalasi ali pamphuno.

"Grammar yako yachira," anatero. "Koma iweyo uli pati mu essay muno? Pulofesa uyu akati chakuti, iwe eya. Winayu akati chakuti, iwe eya. Aphunzitsi ako akufuna utsutseko penapake."

"Anti, munthu analemba buku lathunthu. Ine ndine ndani? Paja mawu a akulu akoma akagonera."

Vuto linagona pamenepo. Vailet analeredwa bwino, mwinanso mopitirira muyeso. Kwawo mkulu akalakwitsa umangoyang'ana pansi, zodandaula ukanenere kuseri. Tsoka ilo, ulemu wotere kukoleji sankaupatsa malikisi.

Chakumapeto anti Phyllis anapeza kandime kobisika. Kankanena za gogo wina woiwalaiwala, amene Vailet anangomutcha Ann, yemwe tsiku lililonse ikamakwana folo koloko ankafunsa ngati amuna ake abwerako kuntchito. Bamboyo anamwalira kalekale. Buku la pulofesa linkati wodwala wotere azikumbutsidwa zoona mofatsa. Vailet m'malo mwake ankafunsa gogoyo kuti anakumana kuti ndi amuna akewo, iye n'kuyamba kusimba za kumtsinje wa mabwato, nkhope ili mwee. Kandimeko Vailet anakatseka ndi mawu akuti mwina akulakwitsa.

"Ichi chotsa," anatero anti Phyllis. "Buku likunena zoona. Ifenso ku ward sitinamiza ma patient."

Apa Vailet analephera kudziletsa.

"Sindinawanamize, anti! Tsiku loyamba ndinatsatira buku lanuli, ndinawauza gogo kuti amuna awo anamwalira. Analira ngati uthenga wangofika kumene, dinner anakana. Mawa lake anafunsanso. Ndiye ine ndizilengeza maliro omwewo tsiku lililonse folo koloko? Ma notes a shift alipo, kawerengeni. Six weeks tsopano sanakanepo chakudya. Pulofesayo anakhalapo pambali pa munthu amene amuna ake amamwalira daily?"

Anadzidzimuka atazindikira kuti waimirira, chala chili m'mwamba, akukalipira munthu wamkulu m'nyumba mwake momwe. Anagwira pakamwa. Amayi ake akanaona zimenezi akanadwala.

Anti Phyllis anavula magalasi. Sankaseka ayi.

"Ine sindikugwirizana nawe mpaka pano," anatero, akumukankhira laputopu. "Koma wanditsutsa, umboni wapereka, ndipo denga silinagwe. Zimene wanenazi zikhale page one. Zopepesazo uzisiye pakhomo."

Vailet anakhala pansi pang'onopang'ono. Ankadikira kuti manyazi amugwire, koma sanabwere. Chimene chinabwera n'chimwemwe, chifukwa kwa nthawi yoyamba chiyambire sukuluyi anaona kuti pali chinthu chimene iye ankachidziwa kuposa wolemba buku. Anafufuta masamba awiri oyamba osawamvera chisoni, n'kulemba chiganizo chimodzi chachifupi, chopanda "mwina". Anachiwerenga mokweza, kenako anatambasula dzanja.

"Tandipatsani bukulo, anti. Ndikufuna nambala ya tsamba, mkuluyu asadzakane kuti sananene."