Zimene Bambo Anachita Dzulo

Aphunzitsi athu a Chingerezi ku Senga Bay, a Kambalame, ankadya chambo chaulere kwathu. Bambo anga, a Binali, akangotsika m'bwato ankawasankhira chachikulu.

Tsiku lina tikuphunzira manauni ndi mavebu, anati aliyense aimirire anene m'Chingerezi zimene bambo ake anachita dzulo, anzake apeze vebu. "Zoona zokhazokha, muno ndi m'kalasi, musaope," anatero.

Itafika nthawi yanga ndinati, "My father threw the party card in the lake." Ndinawaonadi akuponya khadi la chipani m'nyanja, atakwiya kuti awakakamiza kugula lachiwiri.

"Vebu ndi iti?" anafunsa aphunzitsi. Kalasi yonse inayankha kuti "threw". Anauza anzanga kuti andiombere m'manja, nati, "Wakhoza, Hajara."

M'mawa mwake a yufi, anyamata a chipani a malaya ofiira aja, anadzatenga bambo ali mkati mosoka ukonde. Amene ankawalozera nyumba yathu anali a Kambalame omwewo.

Lolemba, munthu wopanda manyazi uja anandiimikanso kuti ndinene zimene bambo anachita dzulo. Ndinangomuyang'ana. Anandikwapula chifukwa chosayankha.